Kodi ingamangike? Funso lofunika njanji ikadali pa mapu

Mavuto ambiri amene njanji zathu zikulira nawo lero adasankhidwa kalekale, tsiku limene anthu adagwirizana kumene sitima idzadzere. Tisanayale zitsulo zina, mbiri imeneyi ili ndi zotiuza.

Kuyambira mu 1997 palibe sitima ya pamtunda imene yadutsapo pakati pa Makhanga ndi Bangula m'boma la Nsanje. Chaka chimenecho madzi osefukira adakokolola mtumbira umene njanji idagonapo pafupi ndi mlatho wa Chiromo, kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo madziwo adadzitsegulira njira yatsopano. Mwana amene adabadwa ku Bangula chaka chimenecho lero ali pabanja, koma sadaonepo sitima yochokera ku Limbe ikuima pa siteshoni ya kwawo.

Nkhani ya Chiromo ikamakambidwa, chala chimaloza mvula, kudula mitengo kumtunda ndi kusowa kwa ndalama zokonzera. Zonsezi n'zoona. Koma madziwo adaipeza njanji ili pamenepo, ndipo amene adaiika pamenepo ndi anthu. Adaiika zaka zoposa 100 zapitazo, atagwirizana kuti njanji yoyamba ya dziko lino iwoloke pamalo pamene mitsinje iwiri ikuluikulu imakumana.

Masiku ano nkhani za njanji zabwereranso m'kamwa mwa atsogoleri. Ntchito yokonzanso njanji ya Marka kukafika ku Bangula idayamba mu 2022. Pali maganizo akale olumikiza chigawo cha kumpoto ndi njanji ya TAZARA ya pakati pa Tanzania ndi Zambia, ndipo anzathu a ku Zambia akhala akukamba zopitiriza njanji kuchoka ku Chipata mpaka ku Serenje. Pa misonkhano timamva za matani a katundu, za kutsika kwa mtengo wa feteleza ndi mafuta, za ntchito za achinyamata. Funso limene silimveka kawirikawiri ndi ili: kodi njira yajambulidwayo ingamangike? Ingamangike ndi makina ati, ndi miyala yochokera kuti, m'miyezi iti ya chaka, ndipo ikamangidwa idzapirira mvula ya zaka zingati?

Funso limeneli lili ndi nthawi yake. Likafunsidwa njanji ikadali mzere pa pepala, yankho lake limapulumutsa chuma cha dziko. Likafunsidwa kontilakitala atamanga kale msasa, limasanduka dandaulo chabe.

Mizere itatu kapena inayi

Njanji iliyonse imayamba ndi malo awiri: kumene katundu ali ndi kumene akufunika. Pakati pa malo awiriwo mainjiniya amajambula njira zingapo, kenako n'kuyamba kuzisefa. Akatswiri a zachuma amawerengera katundu ndi anthu amene njira iliyonse inganyamule. A zachilengedwe amayang'ana nkhalango, madambo ndi malo a nyama. Andale nawo amafuna sitima idzaime kwawo, ndipo zimenezi zimachitika kulikonse.

Pa zokambirana zomwezo pamayenera kukhala munthu wina amene nthawi zambiri amaitanidwa mochedwa. Ameneyu ndi mmisiri amene adamangapo njanji kapena msewu waukulu, amene amadziwa kuti lole yodzadza miyala singatsike m'khwawa mopanda msewu, kuti dothi lonyowa silitsendereka, kuti mzati wa mlatho suima pa mchenga. Iye akayang'ana mzere wa pa mapu amaona kuti apa padzafunika kuphulitsa thanthwe, apo padzafunika kuunjika dothi lotalika kuposa nyumba, uko kudzafunika kulambula msewu wongobweretsera simenti ndi zitsulo. Njira ziwiri zotalika mofanana zikhoza kusiyana mtengo kutalitali chifukwa cha zinthu zimene mapu sanena.

Pa nthawi imeneyi, kusuntha njanji makilomita 5 kuti ilambalale dambo kumangofuna kufufuta mzere n'kujambula wina. Koma malo akalipiridwa, ngongole ikasainidwa, makina akafika, kusintha komweko kumafuna kuyeza malo mwatsopano, kulipiranso anthu ena, ndi kulipira kontilakitala masiku onse amene makina ake angokhala. Ndalama zofufuzira njira ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zomangira, komabe ndi zimene zimalamula zonse zobwera pambuyo pake. Ndi ndalama zomwezinso zimene zimayamba kudulidwa bajeti ikathina.

Sitima imaopa chikweza

Mphamvu ya sitima ili pakuti gudumu lachitsulo limagubuduka pa chitsulo mosavuta, kotero kuti mutu umodzi umakoka katundu amene akadafuna malole ambirimbiri. Kufooka kwake kulinso pomwepo, pakuti chitsulo chimaterera pa chitsulo. Msewu wa galimoto ukhoza kukwera mamita 8 kapena 10 pa mamita 100 aliwonse, koma njanji ya katundu wolemera imafuna kukwera mita imodzi, ikachulutsa awiri. Sikhotanso mwadzidzidzi, imafuna kona yaitali, yopinda pang'onopang'ono.

Wa njinga wonyamula makala kupita nawo m'tauni samanga matumba potengera kumene msewu uli wosalala. Amamanga potengera chikweza chovuta kwambiri pa ulendo wonsewo. Sitima ndi chimodzimodzi: chikweza chimodzi cha makilomita atatu ndicho chimalamula kuchuluka kwa mabogi pa ulendo wa makilomita 500, ndipo chimalamula kwa zaka zonse zimene njanjiyo idzakhalepo.

Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chong'ambika cha kum'mawa kwa Africa, ndiye nkhani ya zikweza sitingaithawe. Nsanje ili pansi, osafika mamita 100 pamwamba pa nyanja ya mchere, pamene Limbe ali pa mamita oposa 1,000. Aliyense amene adakwerapo msewu wa Thabwa kuchokera ku Chikwawa akudziwa kuti sitima singakwere pamenepo. Omanga njanji yoyamba adasankha kutsata mtsinje wa Ruo kudzera ku Sankhulani, Thekerani ndi Sandama, kenako n'kulowera ku Luchenza mpaka ku Limbe. Chigwa cha mtsinje chidawapatsa chikweza chopiririka, koma chidawapatsanso makona othina ndi mapiri otsetsereka m'mbali mwa njanji, amene amagumuka mvula ikalimba. Sitima za njira imeneyi zakhala zazifupi ndi zoyenda pang'onopang'ono moyo wake wonse.

Njanji yopita kumpoto, imene idafika ku Salima mu 1935, idasankha zosiyana. Idatsika kuchokera ku Blantyre, n'kuwoloka Shire cha ku Matope, n'kudzera ku Balaka, Sharpevale, Golomoti ndi Chipoka, kulambalala mapiri a Ntcheu ndi Dedza. Kumanga m'chigwa kudali kosavuta. Koma mtsinje uliwonse wotsika m'mapiri amenewo uyenera kudutsa pansi pa njanjiyo: Rivirivi, Livulezi, Nadzipulu, Linthipe ndi ina yambiri. Mu January 2003 madzi adagwetsa mlatho wa Rivirivi m'boma la Balaka, ndipo Lilongwe idakhala yosalumikizika ndi doko pa njanji kufikira mu 2005.

Palibe njira yaulere. Ukathawa phiri ukumana ndi madzi, ukathawa madzi ukumana ndi thanthwe. Ntchito ya ofufuza njira ndi kudziwa mtengo wa chilichonse mwa izi dziko lisanasankhe, ndi kunena poyera kuti mtengowo udzalipidwa pomanga kapena chaka ndi chaka pokonza.

Madzi saiwala khwawa

Mbiri ya Chiromo ndiyofunika kuifotokoza bwino, chifukwa muli phunziro lonse. Pulani yoyamba idali yoti njanji iyambire pa Chiromo penipeni, popeza sitima zapamadzi zochokera ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, zinkafika pamenepo. Ntchito idayamba mu 1903. Koma m'zaka zomwezo madzi a Shire ankaphwera, ndipo sitima zapamadzi zinkakanika kufika pa Chiromo miyezi yambiri ya chaka. Zitsulo, mitanda ndi mitu ya sitima, zonse zinkadalira mtsinje womwewo kuti zifike pa ntchito. Njira yobweretsera zipangizo itafooka, ntchito idachedwa.

Kampani ya Shire Highlands Railway idakakamizika kutalikitsa njanji kumwera mpaka ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje. Tauni imeneyo ili tsidya lina la Shire, choncho padafunika mlatho pa Chiromo. Njanji ya makilomita pafupifupi 180 idatsegulidwa mpaka ku Blantyre mu 1908. Madzi atapitirira kuphwera, Port Herald nayenso adasiya kufikika bwino, ndipo mu 1914 njanji idatalikitsidwanso mpaka ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi. Kuyambira mu 1922 katundu ankawolotsedwa pa madzi kupita tsidya la kumwera kukakwera njanji ya ku Beira, koma m'chilimwe madzi ankachepa ndipo m'dzinja ankasefukira. Mapeto ake adali mlatho wa Dona Ana pakati pa Mutarara ndi Sena, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, umene udatsegulidwa mu 1935. Katswiri wa mbiri Leroy Vail adalemba mu 1975 momwe ngongole za njanji zimenezi zidalemetsera boma la Nyasaland, n'kudya ndalama zimene zikadatukula anthu.

Sitepe iliyonse pa ulendo umenewu idali yokonza zimene sitepe yoyamba sidaone. Poyambira njanji padasankhidwa potengera momwe mtsinje udalili m'zaka zochepa zimene osankhawo adaudziwa.

Madzi amene adaphwawo adadzabweranso. Mu 1948 Shire wosefukira adagwetsa mlatho wa Chiromo, ndipo watsopano udatha mu 1950. Pakati pa zaka ziwirizi padagwa njala ya mu 1949, imene agogo athu amaikumbukirabe. Pa nthawi imene dziko linkafuna chakudya chochokera kunja mwachangu, katundu wa pa njanji ankayenera kuwolotsedwa pa madzi pa Chiromo. Kusankha njira ya njanji kumafika mpaka pa mbale ya nsima.

Titaona madzi a mu 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023, palibe amene angayeze mlatho wa njanji ndi ziwerengero za mvula ya makedzana zokha. Mitsinje yambiri yadzadza mchenga ndi matope ochokera m'mapiri opanda mitengo, moti madzi amene kale ankadutsa pansi pa mlatho lero amadzera pamwamba kapena m'mbali. Mtumbira wa njanji wodutsa chigwa umatchinga madzi, ndipo ngati makalavati ndi milatho zili zochepa, madziwo amaunjikana kumtunda, n'kumiza midzi, kenako n'kuboola pamene pali pofooka. Pamene tidzafune kulumikizanso Bangula ndi Makhanga, funso loyamba lisakhale la kutalika kwa mlatho watsopano. Loyamba likhale lakuti kodi malo owolokerawo ndi oyenera kubwererapo.

Makande, kwale ndi miyezi ya chilimwe

Zimene zili pansi pa nthaka ndizo zimadabwitsa omanga kuposa zonse. Mlimi wa m'chigwa cha Shire kapena m'madambo a Phalombe amalidziwa dothi la makande: m'dzinja limafufuma n'kumata, m'chilimwe limauma n'kung'ambika ming'alu yolowa dzanja. Njanji yoyalidwa pa dothi lotere imakwera ndi kutsika ndi nyengo mpaka zitsulo zimapindika. Womanga ayenera kulikumba n'kulitaya, n'kubweretsa dothi labwino kuchokera kwina, kapena kulisakaniza ndi laimu. Pa makilomita awiri zimenezi n'zotheka. Pa makilomita 40 zikhoza kugonjetsa njira imene pa mapu inkaoneka yotchipa kuposa zonse.

Amene adamanga njanji yochoka ku Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, imene idatsegulidwa mu 1970, adapeza thandizo la chilengedwe. Pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta pali mtunda wautali wa mchenga umene umalekanitsa nyanja ziwirizi, ndipo njanji idatsata mtunda umenewo m'malo molowa m'madambo a uku ndi uku. Mwayi wotere umaonedwa ndi munthu amene waliwerenga dzikolo mofatsa.

Kenako pali zipangizo. Kilomita imodzi ya njanji imafuna mitanda yoposa 1,500 ndi miyala ya kwale yodzadza malole ambiri. Mwala wake uyenera kukhala wolimba, wosanyenyeka sitima ikamapondapo, ndiye si phiri lililonse limene lingapereke. Ngati thanthwe loyenera lili pa makilomita 20, zinthu zili bwino. Ngati lili pa makilomita 150, mafuta a malole okha akhoza kuposa mtengo wa mwalawo. Mmisiri wanzeru amayesetsanso kuti dothi lokumbidwa podula chitunda likagwire ntchito pokwirira chigwa chapafupi. Njira imene ili ndi zodula zokhazokha kumapeto kuno ndi zokwirira zokhazokha kumapeto uko imakakamiza malole kuyenda mitunda yaitali atasenza dothi. Madzi nawo amafunika ambiri, otsenderera dothi ndi okandira konkire, ndipo amafunika m'miyezi imene mitsinje yaing'ono yauma.

Zitsulo za njanji sitipanga kuno. Zimabwera pa doko la Nacala, Beira kapena Dar es Salaam, ndipo n'zazitali komanso zolemera. Njira yabwino kumanga ndi imene imayambira pa njanji ilipo kale, kuti sitima yomweyo izibweretsa zitsulo, mitanda ndi miyala kutsogolo kwa ntchito. Njira imene ili ndi mlatho waukulu koyambirira kwake imaimitsa zonse za kutsidya kufikira mlathowo utatha.

Pomaliza pali kalendala. Kwathu kuno ntchito ya dothi imayenda bwino kuyambira cha mu May mpaka mu October kapena November. Maziko a mlatho mumtsinje amakumbidwa madzi akatsika. Kuchedwa kwa miyezi iwiri polipira anthu malo kapena potulutsa makina pa doko kukhoza kutayitsa chilimwe chonse, ndipo chilimwe chikatayika chatayika ndi chaka. Pofananitsa njira, ndi bwino kuwerenga nyengo za chilimwe zimene iliyonse idzafune, m'malo mongowerenga miyezi ngati kuti yonse ndi yofanana.

Njira yaitali ya malasha

Chitsanzo cha m'masiku athu ano ndi njanji ya malasha yochokera ku Moatize m'chigawo cha Tete. Kampani ya Vale ya ku Brazil idali ndi njira yaifupi m'manja: njanji ya Sena yopita ku Beira, yosafika makilomita 600. Koma doko la Beira ndi losaya ndipo limafuna kukumbidwa kawirikawiri, komanso njanjiyo imadutsa m'chigwa cha Zambezi. Kumayambiriro kwa 2013 mvula idaidula, malasha n'kuima. Doko la Nacala ndi lakuya mwachilengedwe, koma kuti ufikeko kuchokera ku Moatize uyenera kudutsa m'Malawi, ulendo wa makilomita 912.

Njira yaitaliyo ndi imene idasankhidwa, ndipo nzeru yake idali yogwiritsa ntchito zimene zidalipo kale. Kuchokera ku Nkaya kupita ku Nayuchi mpaka mkati mwa Mozambique njanji idalipo, yongofunika kulimbitsa. M'Malawi muno gawo latsopano lidali la makilomita pafupifupi 140, kuchokera ku Kachaso m'malire a Chikwawa, kudzera m'maboma a Mwanza ndi Neno mpaka ku Nkaya m'boma la Balaka. Mzerewo udadzera kumadzulo kwa Shire, kotero kuti sipadafunike kuwoloka mtsinjewo mwatsopano pa gawo limeneli, ndipo sudakwere mapiri a Blantyre. Ntchito idakhazikitsidwa mu December 2012 ndi Pulezidenti Joyce Banda, ndipo idagwiridwa ndi kampani ya Mota-Engil pa mgwirizano wa ndalama zoposa madola 700 miliyoni a ku America.

Zimenezi zikutanthauza pafupifupi madola 5 miliyoni pa kilomita imodzi. Chidakweza mtengo ndi chiyani? Njanjiyo idapangidwira sitima za mabogi 120 ndi malasha okwana matani 18 miliyoni pa chaka. Sitima yotere silola chikweza chachikulu kapena kona yothina, ndiye m'dziko la zitunda ndi makwawa ngati la Mwanza ndi Neno padafunika kudula matanthwe mozama, kukwirira zigwa ndi kumanga milatho italiitali. Katundu amene njanji idzanyamule ndiye amanena chikweza chololedwa, chikwezacho chimanena kuchuluka kwa zodula ndi zokwirira, ndipo zimenezi ndizo zimanena mtengo. Amene akulonjeza njanji asananene kuti idzanyamula chiyani ndi zochuluka bwanji sangadziwe mtengo wake.

Kuyenda ndi miyendo

Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi, idamangidwa pakati pa 1970 ndi 1975, Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere atapeza thandizo ku China. Zisanayambe zomanga, magulu a oyeza malo adayenda njirayo kuyambira mu 1968, mbali zambiri wapansi, m'tchire ndi m'mapiri. Gawo lovuta kuposa onse lidali la pakati pa Mlimba ndi Makambako ku Tanzania, pamene njanji imachoka m'chigwa cha Kilombero kukwera m'mapiri a kumwera. Kumeneko ndi kumene kudaunjikana ngalande zoboola mapiri, milatho yaitali ndi dothi logumuka, ndipo mpaka lero ndi gawo limene limavutitsa okonza. Omangawo adalowa pa ntchito akudziwa kumene kuli nkhondo, ndipo adatumizako anthu ndi zida zokwanira.

Lero kuli zithunzi za setilaiti, madironi ndi zida zoyezera kukwera ndi kutsika kwa nthaka kuchokera mu ndege, ngakhale pansi pa mitengo. Kompyuta ikhoza kuyesa mizere yambirimbiri pa tsiku limodzi n'kuwerengera dothi lokumba ndi lokwirira pa uliwonse. Zida zimenezi n'zothandiza kwambiri posefa njira, ndipo tizigwiritse ntchito. Koma sizinena kuti thanthwe lili pa mamita angati pansi pa mtsinje, kapena kuti chitunda chimene chikuoneka chokhazikika chidagumukapo kale. Zimenezi zimadziwika pokumba maenje oyesera, poboola pansi pamene mizati ya milatho idzaime, ndi poyenda njirayo m'dzinja, pamene madzi akuonetsa kumene amadzera.

Mapulani amene ali kutsogolo kwathu akufuna kufatsa kotereku. Njanji idafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980 mothandizidwa ndi dziko la Canada, ndipo idalowa mu Chipata mu 2010. Kuti ichoke ku Chipata kukakumana ndi TAZARA ku Serenje, iyenera kutsikira m'chigwa cha Luangwa n'kukweranso mapiri a Muchinga, kufupi ndi malo otetezedwa a nyama. Kwathu kuno, njanji yopita kumpoto idzakumana ndi malo ngati Chiweta, pamene mapiri amagwera m'nyanja osasiya danga, ndipo ikathawa gombe iyenera kukwera mapiri a Viphya. Dera lonseli limagwedezekanso ndi zivomezi, monga tidaonera ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu December 2009. Palinso nkhani ya mpata wa pakati pa zitsulo: njanji zathu, za Mozambique, za Zambia ndi TAZARA ndi za mamilimita 1,067, pamene njanji yatsopano ya Tanzania yochoka ku Dar es Salaam kupita ku Dodoma ndi ya mamilimita 1,435. Zonsezi sizitanthauza kuti njanjizi zisamangidwe. Zitanthauza kuti mtengo wolengezedwa nthaka isanabooledwe ndi wongoganizira.

Eni nthaka

Mzere wa pa mapu umadutsa m'minda ya anthu, pa zitsime, pa mabwalo a sukulu ndi pa manda. Njira imene mainjiniya angaione yosavuta ikhoza kukhala yovuta kuposa zonse ngati ikufuna kusamutsa midzi yambiri, chifukwa malo osalala ndi achonde ndi amenenso anthu adakhazikikapo. Kontilakitala sangagwire ntchito pa malo odukaduka, apa anthu alipidwa, apo mlandu wa chipukuta misozi ukadali kwa a DC kapena ku khoti. Manda sasunthidwa ndi kalata. Amafuna kukhala pansi ndi mafumu ndi eni mbumba, ndipo zimenezi zimatenga nthawi imene iyenera kulowa mu pulani kuyambira pachiyambi.

Njanji ikamangidwa imagawa dera pawiri. Sitima ya mabogi ambiri ikaima pamalo opatukirana imatseka njira kwa nthawi yaitali. Kodi ana adzawolokera pati popita kusukulu, ng'ombe popita kumadzi, ngolo popita kumunda, mayi wodwala popita kuchipatala? Malo owolokera amene sadaganiziridwe pa nthawi yojambula amadzawonjezedwa movutikira, nthawi zina ngozi itachitika kale.

Eni nthaka alinso ndi chuma chimene ofufuza njira amachifuna kwambiri. M'mitsinje yambiri ya kwathu mulibe zida zoyezera madzi, ndipo kumene zidalipo, zolemba zake n'zodukaduka. Koma m'mudzi uliwonse muli akuluakulu amene angakulozereni mtengo umene madzi adafikapo chaka chakutichakuti, khwawa limene mtsinje udalisiya ndipo umabwereramo, dambo limene siliuma ngakhale m'chilala. Kufunsa anthu kumene malamulo a zachilengedwe amafuna kusamachitike njira itasankhidwa kale, kongofuna kudzadza fomu. Kuchitike mizere ikadali itatu kapena inayi, pamene mawu a gogo wa pa Makhanga kapena pa Golomoti angathe kusuntha mlatho.

Tisanasaine

Njanji za dziko lino zamangidwa pafupifupi zonse ndi ndalama ndi akatswiri ochokera kunja, aliyense ndi cholinga chake: atsamunda ankafuna njira ya fodya, tiyi ndi thonje, eni migodi ankafuna njira ya malasha. Thandizo lotere tidzalifunabe. Koma wobwereketsa ndalama amalipidwa n'kupita, kontilakitala amapasula msasa n'kupita, pamene njira imene yasankhidwa imatsala ndi ife ndi zidzukulu zathu. Ndiye kusankhako kuyenera kukhala kwathu, ndipo pali zinthu zingapo zimene tingaumirire.

Njanji iliyonse yatsopano ikhale ndi njira zosachepera zitatu zofufuzidwa mofanana, ndipo zifukwa zosankhira imodzi zisindikizidwe kuti aliyense aziwerenge. Ndalama zoboolera nthaka ndi zoyezera mitsinje ziperekedwe mtengo wa ntchito usanalengezedwe, ndipo kafukufukuyo aone dzinja ngakhale limodzi. Pa gulu lofananitsa njira pakhale amisiri amene adamangapo, komanso ogwira ntchito ya njanji amene akhala akukonza zigumukire za ku Thekerani ndi milatho ya ku Balaka, pakuti iwowa amadziwa kumene njanji imadwalira. Kampani yofufuza njira isakhale yomweyo imene ikuyembekeza kupatsidwa ntchito yomanga. Zotsatira za kafukufuku aliyense, kaya njanjiyo yamangidwa kaya ayi, zisungidwe m'dziko muno, pamalo pamene mainjiniya athu ndi ophunzira a ku yunivesite ya MUBAS angazipeze, kuti tisamalipire kawiri kudziwa dothi lathu lomwe.

Aphungu a Nyumba ya Malamulo amene amavomereza ngongole, ndi atolankhani amene amalemba za miyala ya maziko, ali ndi mbali yawo. Nduna ikabwera ndi mapu okhala ndi mzere wofiira, aifunse kuti mizere ina idali iti, idakanidwa chifukwa chiyani, nthaka idabooledwa malo angati, mlatho waukulu uli pati ndipo wayezedwa ndi madzi a chaka chiti. Mafunso amenewa akhoza kuchedwetsa mwambo wotsegulira ntchito ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. Dziko limene likufuna njanji yodzagwira ntchito zaka 100 liyenera kulolera kuchedwa kumeneko, ndi kukana kusaina ngongole iliyonse ya njanji kufikira mayankho ake ataperekedwa poyera.